Uchembere wabwino usamadikire kuti mimba ioneke

Pa Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya ku Ntcheu, kachipangizo koyezera mimba ndi mkodzo sikalinso kachilendo, monga zililinso m'malo ambiri a malonda m'dziko muno. Mayi amene wadumpha mwezi amatha kukapeza, kudziyeza yekha m'bandakucha, n'kudziwa za thupi lake popanda kuuza munthu. Ichi n'chinthu chabwino. Koma kufala kwa kachipangizoka kwabweretsa funso limene midzi yathu ndi zipatala zathu sizinaliyankhe bwino. Mayi wayeza Lolemba, pabwera mizere iwiri, wachiwiriwo wotuwa kwambiri. Wayezanso Lachitatu ndi kena, pabwera mzere umodzi. Lachinayi waona timadontho ta magazi, tochepa, tosafanana ndi msambo wake wa masiku onse. Kodi ali ndi pakati kapena ayi? Yankho limene amamva kwa anzake, kwa apongozi, nthawi zina ngakhale kwa a zaumoyo, ndi lakuti: "Dekhani mayi, ikakhala mimba ioneka." Yankho limeneli ndikulikana. Mayi amene zoyezera zake zikutsutsana ndipo akutaya timagazi ayenera kutengedwa ngati woyembekezera mpaka zitatsimikizika kuti sali, ayenera kuonedwa ndi namwino sabata yomweyo, ndipo ntchito ya uchembere wabwino, imene Ntcheu inatchuka nayo, iyenera kumuwerengera ngati wake kuyambira tsiku limenelo.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe ndi chimene kachipangizoka kamafufuza. Sikaona mwana. Kamafufuza homoni yotchedwa hCG, imene imapangidwa ndi maselo amene pambuyo pake amadzakhala nsengwa. Homoniyi imayamba kupezeka dzira lokumana ndi umuna likakhazikika, patatha masiku 6 mpaka 12 kuchokera pamene dziralo linatuluka. Poyamba imakhala yochepa zedi, ndipo pa mimba imene ikukula bwino imachuluka mowirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu alionse. Zoyezera zambiri zimayamba kuonetsa mzere wachiwiri homoniyi ikafika pa mlingo wa 25, pamene zina zimatha kuigwira ili pansi pa pamenepo. Apa ndiye pali gwero loyamba la kusemphana: zoyezera ziwiri za makampani osiyana zikhoza kupereka mayankho osiyana pa mkodzo womwewo, ndipo palibe chimene chanama. Gwero lachiwiri ndi mkodzo weniweniwo. Wa m'mawa, munthu atagona usiku wonse osamwa kanthu, umakhala wokhathamira. Wa masana, mayi atamwa madzi kapena thobwa pochokera kumunda, umakhala wosungunuka, ndipo homoni yochepa ija imabisala. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2001 anapeza kuti pa mimba 10 zilizonse, imodzi imakhala isanakhazikike n'komwe pa tsiku limene mayi amayembekezera msambo wake. Mayi wotere akayeza tsiku limenelo apeza mzere umodzi, koma pakati alipo ndithu.

Palinso zolakwika za kachipangizo komweko, ndipo kuno kwathu si zazing'ono. Opanga amalemba kuti kasungidwe pa malo ouma, osatentha kupitirira madigiri 30, koma kokhala pa shelefu pansi pa denga la malata mu Okutobala kamaphikika tsiku ndi tsiku. Kena kamagulitsidwa tsiku lake litadutsa. Yankho limafunika kuwerengedwa mkati mwa mphindi zimene zalembedwa pa pepala, kawirikawiri zosapitirira 10, chifukwa mkodzo ukauma pamatsala kamzere kopanda mtundu kamene munthu wofunitsitsa mwana, kapena woopa kwambiri mimba, amakawerenga ngati yankho. Mayi amene anapita padera kapena kubereka masabata ochepa apitawo akhozanso kupeza mizere iwiri chifukwa homoni ya mimba yakaleyo sinatheretu m'thupi. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi zimene zimapangitsa anthu kunena kuti zoyezerazi n'zonama, kungodikira basi. Koma taonani kumene zolakwikazi zimapendekera. Kachipangizo kabwino, kowerengedwa pa nthawi yake, sikaonetsa mizere iwiri mwachisawawa. Kulephera kwake kofala n'kusaona mimba imene ilipo. Choncho pakati pa mayankho awiri osemphana, lolemera ndi la mizere iwiri, ngakhale wachiwiriwo ukhale wotuwa bwanji.

Tikaonjezera timagazi tija pa mayankho osemphanawo, pamatsala njira zitatu zazikulu, ndipo zonse zitatu zimayamba mofanana. Yoyamba ndi mimba yabwinobwino imene yangoyamba kumene. Kutaya timagazi m'miyezi itatu yoyambirira n'kofala: kumachitikira pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi alionse oyembekezera, ndipo pamene magaziwo ndi ongodontha, a tsiku limodzi kapena awiri, opanda ululu, ambiri mwa amayiwa amafika nayo mimba kumapeto n'kubereka bwino. Khomo la chiberekero limafewa pa nthawiyi ndipo limatha kutuluka timagazi mayi akakhala malo amodzi ndi mwamuna wake kapena akakhala ndi matenda a kumaliseche. Yachiwiri ndi mimba imene ikuchoka idakali yaing'ono kwambiri, homoni ikutsika m'malo mokwera, n'chifukwa chake mzere wa Lolemba sukuonekanso Lachitatu. Izinso n'zofala kuposa mmene timaganizira. Kafukufuku wa mu 1988 ku North Carolina, amene anayeza mkodzo wa amayi 221 tsiku lililonse, anapeza kuti mimba 31 mwa 100 zinachoka, ndipo zambiri mwa izo zinachoka amayiwo asanazizindikire. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba mu 2021 kuti pa dziko lonse mimba pafupifupi 23 miliyoni zimapita padera chaka chilichonse, pafupifupi 15 mwa 100 za mimba zodziwika. Njira ziwirizi, imodzi ya chisangalalo ina ya chisoni, kawirikawiri sizipha mayi. Yachitatu ndiyo ikundilembetsa nkhani ino.

Dzira limakumana ndi umuna m'kachubu kopapatiza kamene kamalumikiza thumba la mazira ndi chiberekero, kenako limayenda masiku angapo kukakhazikika m'chiberekeromo. Pa mimba imodzi kapena ziwiri mwa 100, ulendowu sufika. Dzira limakhazikika panjira, ndipo koposa 90 mwa 100 ya mimba zotere zimakhala m'chubu momwemo. Chubu sichingatambasuke ngati chiberekero. Mluza ukamakula, kawirikawiri pakati pa sabata ya 6 ndi ya 10, chubucho chimatha kuphulika, magazi n'kumathira m'mimba mosaoneka kunja. Mayi amatha kutaya magazi ochuluka zedi pamene pansalu pake pali timadontho tokha. Chimene chimaopsa kwambiri n'chakuti mimba ya m'chubu nthawi zambiri imapanga homoni yochepa, yokwera pang'onopang'ono, kotero kuti mzere wotuwa, mayankho osemphana ndi timagazi toderako ndiwo maonekedwe ake enieni isanaphulike. Ululu wa mbali imodzi ya chinena, kupweteka kwa nsonga ya phewa, chizungulire, kukomoka, thukuta lozizira, kuyera m'manja ndi m'zikope, zonsezi zikabwera ndiye kuti nthawi yatsala pang'ono. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi amayi amene machubu awo anavulalapo ndi matenda opatsirana pogonana monga chinzonono ndi chlamydia, amene anachitidwapo opaleshoni ya m'mimba, amene anakhalapo kale ndi mimba yotere, ndi amene atenga pakati ali ndi lupu. Likodzo, limene amayi ochapa ndi kutunga m'mitsinje ndi m'madambo amalidziwa, limathanso kuwononga machubu. Komabe pafupifupi theka la amayi amene amapezeka ndi mimba ya m'chubu sakhala ndi chilichonse mwa zimenezi, ndiye palibe amene anganene kuti ine sizingandichitikire.

Munthu wa mu Lilongwe kapena mu Blantyre akamva zimenezi akhoza kunena kuti zikavuta adzathamangira kuchipatala. Kwa mayi wa m'midzi yozungulira Kandeu, kuthamangako kuli ndi masitepe ambiri. Chipatala chaching'ono, kaya cha pa Kandeu kaya china chilichonse cha msinkhu umenewo, chilibe chipinda cha opaleshoni ndipo sichiika magazi. Ntchito zimenezo zili ku chipatala chachikulu cha pa boma la Ntcheu. Chubu chikaphulika usiku, pafunika wina adzuke, apeze njinga yamoto ya kabaza ndi ndalama yake, afike ku chipatala chaching'ono, namwino aimbe foni, ambulansi ipezeke ili ndi mafuta ndipo isakhale itapita kwina, msewu ukhale wodutsika ngati ndi dzinja, ndipo ku boma akapeze magazi a gulu la mayiyo. Onjezani kuti amayi ambiri amayamba mimba ali kale ndi magazi ochepa chifukwa cha malungo, njoka za m'mimba ndi kuperewera kwa zakudya. Opaleshoni ya mimba ya m'chubu si yatsopano; dokotala wa ku Birmingham, Lawson Tait, anaichita bwino mu 1883, ndipo lero ma clinical officer athu amaichita m'zipatala za m'maboma. Chimene chimasowa si luso ayi, koma maola. Mayi amene anaonedwa ali ndi timadontho chabe, n'kuuzidwa zizindikiro zoopsa, n'kutumizidwa ku boma masana akuyenda yekha, ali ndi maola amenewo. Amene anauzidwa kuti adikire mimba ioneke amayamba ulendo womwewo atakomoka.

Ntcheu ili ndi chifukwa chapadera chomvetsera nkhaniyi, poti ndi kuno kumene dziko linaphunzira kuti mafumu akhoza kupulumutsa amayi. Inkosi Kwataine inakhazikitsa m'midzi yake amayi achinsinsi, amene woyembekezera amawauza za pakati pake kuti amulondolere ku sikelo ndi kukachilira kuchipatala, ndipo mu 2012 Pulezidenti Joyce Banda anaipatsa udindo wotsogolera ntchito ya uchembere wabwino m'dziko lonse. Udindowu unadza boma litaletsa kale azamba a m'midzi kubereketsa mu 2007. Kuyambira mu 2013, Ntcheu pamodzi ndi Balaka, Dedza ndi Mchinji inalinso m'ndondomeko yothandizidwa ndi mayiko a Germany ndi Norway, yopereka ndalama ku zipatala ndi kwa amayi obwera kudzaberekera kuchipatala. Zipatso za ntchito ya uchembere wabwino zinaoneka m'dziko lonse: kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 mwa 100 amabadwira kuchipatala, ndipo imfa za amayi zinatsika kuchoka pa 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 24 okha mwa 100 ndiwo anayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira. Khama lathu lonse, malamulo a m'midzi, chindapusa cha mbuzi ndi nkhuku, nyumba za chidikiro, tinaliunjika kumapeto kwa mimba. Miyezi itatu yoyambirira inatsala yopanda mwini, pamene ndi momwemo mimba ya m'chubu imaphulikira ndi momwemo kupita padera kochuluka kumachitikira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti woyembekezera azionana ndi a zaumoyo kasanu n'katatu, koyamba mkati mwa masabata 12, ndipo Malawi anavomereza malangizowa. Papepala tinagwirizana kale. Chatsala n'kuti mayi wa mzere wotuwa alandiridwe pakhomo.

Wina anena kuti ndikuopseza amayi pachabe, ndipo ndidzadzaza zipatala zimene zili kale ndi anamwino ochepa ndi anthu amene sakudwala. N'zoona kuti ambiri mwa amayi amene ndikunenawa adzapezeka kuti ali bwino, ndipo namwino amene ali ndi mzere wa odwala kuyambira m'mawa mpaka madzulo sakusowa ntchito ina. Koma tione kukula kwa chimene chikupemphedwa. Ndi mafunso ochepa: munasamba liti komaliza, magazi ndi ochuluka bwanji, pali ululu ndipo uli mbali iti, mukulera ndi njira yanji. Ndi kuyeza BP ndi kugunda kwa mtima, kuyang'ana m'zikope, kugwira pamimba, ndi kuyezanso mkodzo ndi kachipangizo kosungidwa bwino. Kenako ndi kulemba m'buku la kuchipatala la mayiyo tsiku loti abwerenso, pakatha masiku awiri kapena atatu, ndi kumuuza momveka zizindikiro zoti zikabwera asadikire tsikulo. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zowerengeka. Yerekezani ndi ntchito imene namwino yemweyo amakhala nayo mayi akabwera atanyamulidwa pakati pa usiku: madiripu, foni, ambulansi, ndi odwala ena onse kuimitsidwa. Za mantha, mayi amene wayeza kawiri n'kupeza mayankho awiri ali kale ndi mantha, ndipo akuwasenza yekha. Kumuuza kuti amayi ambiri otaya timagazi amabereka bwino, ndi kuti zoopsa zake ndi izi ndi izi, kumachepetsa mantha amenewo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba, ndipo amayi achikulire amakunena mwachifundo: mimba ikafuna kuchoka imachoka, achipatala alibe mankhwala oigwira, nanga kuvutikiranji? Mbali yaikulu ya mawuwa ndi yoona. Pafupifupi theka la mimba zochoka msanga zimachoka chifukwa mluza sunapangike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo palibe jakisoni, kugona pabedi kapena mankhwala azitsamba amene angasinthe zimenezo. Mankhwala a progesterone, amene kafukufuku wa ku Britain wa mu 2019 anasonyeza kuti amathandizako, amathandiza makamaka kagulu ka amayi otaya magazi amene anapitapo kale padera. Koma cholinga chopitira kuchipatala si kugwira mimba kokha. Choyamba n'kutsimikiza kuti mimbayo si ya m'chubu. Chachiwiri n'kufufuza zimene zimachiritsika: malungo, amene amachotsa mimba zazing'ono pamene mayi sanayambe kumwa Fansidar chifukwa saperekedwa miyezi itatu isanakwane, chindoko, matenda a m'chikhodzodzo, HIV, imene kuyambira mu 2011 dziko lino limayambitsa mankhwala kwa woyembekezera aliyense wopezeka nayo. Chachitatu n'kuonetsetsa kuti ngati mimba yachoka, yachoka yonse, chifukwa zotsalira zimabweretsa kutaya magazi ndi mafinya, ndipo kutsuka m'chiberekero kapena mankhwala a misoprostol zimathetsa vutoli msanga. Palinso chinthu china chimene sindichiona chaching'ono. Mayi amene wapita padera amafunsidwa m'mudzi kuti ananyamula chiyani, anadya chiyani, anayenda ndi ndani, ndipo mwamuna wake amaganiziridwa za tsempho. Kumva kwa namwino kuti sikunali kulima, sikunali kusenza ndowa, sanalakwe kanthu, ndi mankhwala amene sangawapeze kwina.

Tifike pa chinsinsi, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza mwambo. Mimba yaing'ono sinenedwa. Anthu amati ukalengeza msanga, a mtima woipa aimanga kapena aichotsa, ndipo ngakhale amene sakhulupirira zimenezo safuna kuti mudzi wonse udziwe za mimba imene mwina sikhala. Kusunga chinsinsi kotere sindikukunyoza. Kumateteza mayi ku miseche ndi ku manyazi, ndipo ndi ufulu wake. Chimene ndikutsutsa n'chakuti dongosolo lathu limamukakamiza kusankha pakati pa chinsinsi ndi chithandizo. Sikelo imachitika masiku odziwika, pa benchi yoonekera, ndipo wokhalapo aliyense wadziulula. M'madera ambiri mayi woyamba sikelo amauzidwa kubwera ndi mwamuna wake, ndipo wopanda mwamuna amafunsidwa kalata ya kwa amfumu. Lamuloli linali ndi cholinga chabwino, kuti abambo atenge mbali ndi kuyezetsa magazi limodzi ndi akazi awo, koma taganizani mmene limagwera mayi amene mwamuna wake ali ku Joni, mtsikana wa sukulu, kapena mayi amene sakudziwa n'komwe ngati ali ndi pakati. Adzapita bwanji kwa amfumu kukapempha kalata ya mimba ya mzere wotuwa? Mafumu a ku Ntcheu, amene anasonyeza kale kuti mawu awo amasintha zinthu, anene poyera kuti wotaya magazi safunika kalata, safunika mwamuna, safunika kudikira tsiku la sikelo. Nzeru ya amayi achinsinsi inali yomweyi, kuti chinsinsi chikhale ndi khomo limodzi lolowera ku chithandizo, ndipo khomo limenelo likhoza kutsegulidwa kuyambira mwezi woyamba.

Pali mantha enanso amene amatsekera amayi kunyumba, ndipo tiwatchule ndi dzina. Malamulo a dziko lino amaletsa kuchotsa mimba kupatula pa zifukwa zochepa, monga pofuna kupulumutsa moyo wa mayi, ndipo bilu yofuna kusintha malamulowa inakanika kukambidwa ku Nyumba ya Malamulo mu 2021. Pamene zili choncho, kafukufuku wa College of Medicine ndi bungwe la Guttmacher anayerekeza kuti mimba pafupifupi 141,000 zinachotsedwa m'dziko muno mu 2015. Zotsatira zake n'zakuti mkazi aliyense wobwera ndi magazi pa mimba yaing'ono, makamaka wosakwatiwa, amaopa kuti funso loyamba likhala lakuti "mwamwa chiyani?" Munthu akhoza kukhala ndi maganizo alionse pa za kuchotsa mimba, koma pa mfundo iyi sitiyenera kusiyana: chithandizo cha mayi amene mimba yachoka kapena ikuchoka n'chololedwa, chili m'ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo, ndipo sichidalira kuti mimbayo yachoka bwanji. Mimba ya m'chubu siingasamutsidwe kupita m'chiberekero ndipo singakule n'kukhala mwana; kuichotsa n'kupulumutsa mayi basi. Ena amadandaula kuti zoyezera zikapezeka paliponse, atsikana azidziwa msanga n'kumachotsa. Koma mtsikana amene sanayezedwe sasiya kukhala ndi pakati. Amangodziwa mochedwa, pamene chilichonse chimene angachite chili choopsa kwambiri, ndipo amadziwira kwa anthu amene sangamuuze za chubu.

Funso la ndalama ndi loyenera m'dziko limene zipatala zimasowa ngakhale Panado. Koma mwa zonse zimene chipatala chimagula, kachipangizo koyezera mimba kali m'gulu la zotchipitsitsa: pogula kochuluka pa msika wa dziko lonse kamagwera pafupifupi masenti 10 a ku America. Phindu lake linayesedwa m'mayiko ofanana ndi lathu. Ku Cape Town, kafukufuku wa mu 2006 anapeza kuti amayi amene anapeza mwayi woyezetsa mkodzo anayamba sikelo masabata oposa atatu msanga poyerekeza ndi anzawo. Ku Zambia, zoyezera zaulere zitaikidwa m'zipatala za kulera, amayi obwezedwa chifukwa choti sanabwere ali kumwezi anachepa kwambiri. Ku Madagascar, a zaumoyo a m'midzi atapatsidwa zoyezera, amayi oyamba njira zolera anachuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mfundo ya kulerayi ikutikhudza mwachindunji. Njira imene amayi a ku Malawi amagwiritsa ntchito kwambiri ndi jakisoni, ndipo jakisoni, monganso kachipangizo ka pamkono, amasokoneza msambo: wina amasiyiratu kusamba, wina amangodontha mwezi wonse. Mayi wotere, kapena woyamwitsa amene sanayambirenso kusamba, sangawerenge miyezi n'kudziwa kuti wadumpha. Kwa iye timagazi ta mimba ya m'chubu timaoneka ngati zochita za jakisoni. Alangizi a zaumoyo amene amabaya jakisoniyo m'midzi ndiwo ayenera kukhala ndi zoyezera m'chikwama, osati zogula mayi yekha pa okala. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayambira kwa anansi athu ku Balaka mu 2011 n'kufalikira dziko lonse, chimapereka kale mwayi wofunsa popanda kuonedwa ndi munthu, koma uphungu wa pa foni umathera pa mawu akuti pitani kuchipatala, ndiye kuchipatalako kukhale kokonzeka.

Chimene mkodzo sungathe kunena ndi malo amene mimba yakhala. Kumayiko olemera amayeza homoni ija m'magazi kawiri motalikirana maola 48 ndi kuunika ndi sikani, ndipo kuno kuyeza kwa m'magaziko sikupezeka m'zipatala zazing'ono. Sikani ndiyo ili pafupi ndi ife. Makina ake tsopano ndi ang'onoang'ono, ena olumikiza ku foni, ndipo m'dziko muno anamwino azamba aphunzitsidwapo kale kuunika mimba pa maphunziro a masabata ochepa. Kuona mimba ya masabata asanu kapena asanu n'imodzi n'kovuta kuposa kuona ya miyezi isanu, ndipo sikani ya pamwamba pa mimba ikhoza kusaona kanthu pa msinkhu umenewo ngakhale zonse zili bwino. Komabe ikhoza kuyankha mafunso awiri amene amalamula ulendo: kodi m'chiberekero muli kathumba ka mimba, ndipo kodi m'mimba mwayamba kudikha magazi. Khonsolo ya Ntcheu ndi ofesi ya zaumoyo ya bomali, pokonza bajeti, aike makina otere ndi maphunziro ake m'zipatala zotalikira ndi boma monga Kandeu patsogolo pa zapafupi. Pamene makinawo sanafike, lamulo la namwino likhale losavuta kukumbukira: mkazi aliyense wa msinkhu wobereka wobwera ndi ululu wa m'chinena, kukomoka kapena magazi osadziwika bwino ayezedwe mimba, kaya akuti akulera, kaya akuti sanadumphe mwezi, wa mizere iwiri ndi ululu wa mbali imodzi atumizidwe ku boma tsiku lomwelo, wa mayankho osemphana wopanda ululu ayezedwenso ndi mkodzo wa m'mawa pakatha masiku awiri kapena atatu, ndipo akapanda kubwera, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake akamuone kunyumba mwakachetechete.